Tisabzale Lantana pa Mpanda

Anzathu a m'koperativa, duwa lokongola pakhomo limatha kusanduka mdani kutchire. Chitsanzo chake ndi lantana.

Lantana ndi chitsamba chochokera ku America. Anthu adachibweretsa ku Africa chifukwa cha maluwa ake achikasu ndi ofiira, n'kumachibzala pa mpanda. Tsinde lake lili ndi timinga. Masamba ake amanunkha tikawafikisa.

Nanga chimafika bwanji kutchire? Mbalame zimadya tizipatso take takuda, n'kukataya njere kudambo ndi m'mbali mwa mitsinje. Kumeneko chimawirira, udzu n'kutha. Ng'ombe ikadya masamba ake imadwala chiwindi, maso amachita chikasu, mwina kufa kumene.

Kuno ku Maravia, kuyambira ku Fingoè mpaka kunyanja ya Cahora Bassa, ziweto zathu zimadalira msipu wakutchire. Tsono tichite izi:

1. Tichizule ndi mizu yomwe m'dzinja, nthaka ili yofewa. Kungodula sikuthandiza ayi, chimaphukanso.
2. Zozulazo tiziumitse, tizitenthe pamalo olambula bwino. Tisazitaye kutchire.
3. Pa mpanda tibzale nkhadze.

Tikazula chitsamba chimodzi pakhomo lero, tapulumutsa msipu wa mudzi wonse.