Mpeni Waung'ono ndi Tsala: Ulimi wa Makolo m'Chigwa cha Chama

Mwezi wa Meyi ukafika ku Chama, madambo amasanduka achikasu ndi mpunga wokhwima, ndipo ana amakhala atasasa mawu ndi kuwinga mpheta. M'minda ina mudzapezabe amayi atawerama, m'dzanja muli kampeni kakang'ono, akudula ngala imodziimodzi ndi kuponya mu dengu. Mlendo wotsika ndi msewu wa ku Lundazi angaone ngati ndi umphawi chabe, koma kudula kumeneku ndi luso limene lasunga mbewu ya m'chigwa cha Luangwa kwa mibadwo yambiri.

Chama ndi dziko la Asenga, kwa mafumu Kambombo, Tembwe, Chikwa, Chifunda ndi ena. Boma la Chama linasamutsidwira ku chigawo cha Muchinga mu 2011, kenako linabwezedwa ku chigawo cha Kum'mawa mu 2021, koma kwa mlimi malire enieni ndi aja a madzi: pamene mtsinje umasefukira ndi pamene sufika. Kunsi kuno kashembe sanalole ng'ombe kuswana monga zinachitira kumtunda. Choncho kunalibe pulawo, kunalibe ngolo, kunalibenso ndowe za m'khola zoti nkuthira m'munda. Munthu anali ndi khasu, nkhwangwa ndi nzeru zake basi, ndipo nthaka ankaisamala poisinthira mbewu.

Kasinthasintha wa makolo sanali wa m'buku. Pamphanje, pamene phulusa la nthambi zotenthedwa linali lisanathe mphamvu, pankalowa mawere kapena mapira. Mapirawo sankakhala okha. M'munsi mwake munkayanga maungu ndi khobwe, zimene zinkaphimba nthaka kuti dzuwa la m'chigwa lisaiwambe, ndipo masamba ake anali ndiwo njala ikafika pachimake mu Febuluwale. Ngala zikayamba kuchepa, mwini munda ankadziwa kuti nthaka yatopa. Pamenepo ankadzalapo mtedza kapena nzama, ndipo pambuyo pake ankasiya malowo kukhala tsala, udzu ndi zitsamba nkubwerera kwa zaka zingapo.

Makolowo sankadziwa dzina loti nayitirojeni, koma ankaona kuti mapira obwera pambuyo pa mtedza amabiriwira. Lero tikudziwa chifukwa chake: timatuza ta pa mizu ya mtedza, khobwe ndi nzama timasunga tizilombo timene timatenga chakudya cha mbewu mu mpweya ndi kuchisiya m'nthaka. Palinso nkhani ya kaufiti, kaudzu ka maluwa okongola kamene kamayamwa mizu ya mapira ndi chimanga. Njere zake zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10 kudikira mbewu yoti ziiyamwe. Zikamva mizu ya khobwe, mtedza kapena thonje zimanyengeka nkumera, koma posapeza poyamwa zimafa. Asenga ankalima thonje ndi kuluka nsalu zawo azungu asanabwere, ankalimanso fodya wogulitsa kwa mitundu yoyandikana nayo, malonda amene katswiri wa zachuma Marvin Miracle analembapo mu 1962. Munda wosinthasintha motero sunkapatsa kaufiti mpata wozika mizu.

Ndiye pali msangu, mtengo wa khalidwe lachilendo umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja, mitengo ina yonse ikuphuka. Mlimi wanzeru sankaudula. Masamba ake ankagwera pa mbewu ngati manyowa, ndipo popeza unali wopanda masamba, sunkatchinga dzuwa. M'mbali mwa mitsinje namo madzi osefukira ankasiya dothi latsopano chaka ndi chaka, kotero kuti madimba ndi minda ya mpunga sizinkafuna tsala lalitali ngati minda ya kumtunda.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi kampeni kaja. Mpunga wa makolo sukhwima tsiku limodzi. Wodula ndi chikwakwa amatenga zonse, wokhwima ndi wosakhwima, pamene wodula ngala imodziimodzi amasankha, nkubweranso patapita masiku angapo. Akaona ngala yaitali, yodzaza bwino, yosagwidwa ndi matenda, amaiika padera, ndipo imeneyo ndiyo mbewu ya chaka chamawa. Fungo lokoma la mpunga wa Chama, umene anthu amaufunafuna m'masitolo a ku Lusaka, linasungidwa ndi maso ndi zala za amayi otere. Mapira nawo ankayamba agwetsedwa mapesi, ngala nkudulidwa, kuyanikidwa pa nsanja, kenako kulowa m'nkhokwe osapunthidwa, nkumatapa pang'onopang'ono. Mapesi ndi ziputu zinkatsala m'munda kuti ziwolere momwemo.

Sitinganame kuti ntchito imeneyi inali yopepuka. Inkathyola msana, makamaka wa amayi, ndipo kuchedwa kukolola kunali kuitana mbalame ndi njovu, zimene mpaka lero zimatha kusesa munda usiku umodzi m'madera ozungulira malo osungira nyama zakuthengo a Musalangu. Nchifukwa chake kunali dima: mwini munda ankafulula mowa kapena thobwa, abale ndi anansi nkudzathandiza, mawa lake onse nkupita kwa wina. Wachinyamata wofuna makina opunthira mpunga sakulakwa konse.

Cholakwika ndi kutaya nzeru pamodzi ndi thukuta. Chiyambire pulogalamu ya feteleza wotchipa mu 2002, maso a ambiri ali pa chimanga chokha, chaka ndi chaka pamalo amodzi. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachitcha tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale, chinaonetsa poyera kuti chimanga sichipirira dzuwa ngati mapira ndi khobwe. Bungwe la COMACO, limene lagwira ntchito m'chigwachi kuyambira 2003 ndipo limagula mpunga wa Chama, limaphunzitsa alimi kusinthanitsa chimanga ndi mbewu za mtundu wa nyemba, kusatentha mapesi ndi kudzala mitengo yobwezera chonde. Zambiri mwa izo agogo a m'midzi ya Kambombo ankazichita kalekale.

Alangizi a zaulimi ndi aphunzitsi a ku Chama, pitani kwa agogowa akadali moyo, muwafunse mayina a mitundu ya mpunga ndi mapira imene amasunga, ndi mbewu iti inkatsata inzake m'munda, ndipo mulembe zonsezo.