Dotolo Wamawa Aphunzirenji kwa Namwino ndi Mlangizi?

Kapena munaonapo pa chipatala chanu anyamata ndi asungwana ovala zoyera akutsatira namwino pa tsiku la sikelo, mwinanso akuzungulira m'mudzi pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo, kuyang'ana zitsime ndi zimbudzi. Ena mwa iwo ndi ophunzira udotolo. Tsono anthu amadabwa kuti munthu wodzakhala dotolo akufunanji kuchimbudzi.

Sukulu ya madotolo, College of Medicine, idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991, pamene ya anamwino, Kamuzu College of Nursing, idayamba mu 1979. M'chaka cha 2021 sukulu ziwirizi zidaphatikizidwa nkukhala Kamuzu University of Health Sciences. Komatu kulumikiza sukulu nkwapafupi, chovuta ndi kutembenuza mitima. Ophunzira ambiri amene ndayenda nawo amakondwera kuphunzira limodzi ndi anzawo a ntchito zina. Koma alipo ena amene amayesa kutaya nthawi, nati za zitsime nza anthu a maphunziro ochepa. Amenewa akulakwa.

Taganizani za kolera, nthenda imene idapha anthu oposa 1,700 muno m'Malawi mu 2022 ndi 2023. Dotolo amayeza wodwala ndi kulamula kuti aikidwe diripi. Amene amachezera naye usiku wonse, kusintha mabotolo ndi kuona ngati wayamba kukodza, ndi namwino. Amene amapita kumudzi kukafufuza kumene banjalo limatunga madzi, kuthira mankhwala a klorini ndi kulangiza za maliro, ndi mlangizi. Dotolo wosadziwa ntchito za anzakewa adzachiza mwana lero, mkucha nkulandira mng'ono wake atamwa madzi a pa chitsime chomwecho. Ndiponso namwino amene dotolo amamunyoza amaopa kulankhula, ngakhale ataona kuti muyeso wa mankhwala walakwika. Wovutika pamenepo ndinu odwala. Nchifukwa chake nkofunika kuti azolowerane akali pa sukulu, asanayambe kuwerengerana maudindo.

Ophunzirawa akafika kwanu alandireni, ndipo muwayankhe zoona, ngakhale chimbudzi chanu chidagwa ndi mvula. Sadabwere kudzakulipiritsani. Kuchipatala, wophunzira ayenera kudzitchula kuti ndi wophunzira ndi kupempha chilolezo asanakuyezeni. Mukakana palibe mlandu, mudzathandizidwabe monga mwa masiku onse.