“More” ndi “Less”: Timau Timene Timasunga Cuma ca Banja

Nyengo yokolola ikatha kuno ku Chongwe, alimi a ku Kanakantapa, ku Chalimbana ndi ku Kasisi amakweza matumba a cimanga pangolo kupita kukagulitsa ku Food Reserve Agency. Bungweli limafuna cimanga couma bwino, ndipo m'Cizungu lamulolo limamveka motere: cinyontho cikhale “not more than 12.5 per cent”, kutanthauza kuti cisapitirire pamenepo. Mlimi amene waona “more” koma osaona “not” angathe kubwerera nao matumba ake, atalipira ngolo pacabe.

Nkhani ya kuyerekeza kuculuka ndi kucepa kwa zinthu si ya m'kalasi mokha ai. Ana athu ambiri amalankhula Cisoli kunyumba ndi Cinyanja kumsika, koma mayeso ambiri a boma, zikalata za ngongole ndi malangizo a mankhwala zimadza m'Cizungu. Kuyambira mu 1966 Cizungu cinali cilankhulo cophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo ngakhale mu 2014 zilankhulo zathu zinapatsidwa malo m'makalasi oyamba, Cizungu sicinacoke pa zikalatazo.

M'Cinyanja timati “matumba anga ndi ocepa” ndiponso “ufa wanga ndi wocepa”. Liu ndi limodzimodzi. Cizungu cimayamba cafunsa: kodi cinthuco cimawerengeka cimodzicimodzi, kapena cimangoyezedwa? Matumba, mbuzi ndi ana zimawerengeka, motero timati “fewer bags”. Ufa, madzi ndi feteleza zimayezedwa, motero timati “less fertiliser”. Ndalama nazo Azungu amaziika m'gulu la zoyezedwa: “less money”. Koma pofuna kunena kuti cinthu caculuka kuposa cinzake, “more” amakwanira ponseponse: “more bags”, “more water”.

Zinthu zikalingana, kusiyana kuja kumaonekanso. Timati “as many goats as” ponena za mbuzi, koma “as much rain as” ponena za mvula.

Palinso timau tiwiri timene tiyenera kutisamala koposa. “At least” ndiye kuti osacepera, pamene “at most” ndiye kuti osapitirira. Mai amene wasokoneza timauti pa botolo la mankhwala angapatse mwana wake mlingo woposa woyenera. Bambo amene watisokoneza pa cikalata ca ngongole angalonjeze matumba amene munda wake sungabale.

Tsono ife makolo tisacite manyazi. Madzulo, tikatha kupemphera korona, tiitane mwana wa sukulu atiwerengere cikalata tisanaikepo dzina kapena cala. Tiwerenge naye nkhuku za pakhomo, tiyeze naye ufa wa m'lichero, iye atiuze pamene pafunika “fewer” ndi pamene pafunika “less”. Pamene tonse takayika, tifunse aphunzitsi kapena akatekisti athu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula la masiku ano kawirikawiri limabwera litalembedwa papepala.