Tikayeza mbalame zakuthengo, zotsatira zake zisamathere mu ofesi

Nkhuku zikayamba kufa motsatizana pamudzi, aliyense amati ndi chitopa, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Chovuta n'chakuti chimfine cha mbalame chimaphanso chimodzimodzi: nkhuku imazyolika, imabanika, lipombo limada, kukacha khola lonse lili gonegone. Ngakhale ife madokotala a ziweto sitingasiyanitse matenda awiriwa ndi maso okha. Timasiyanitsa ku labotale. Ndipo popeza tizilombo ta chimfinechi timakhala mwa mbalame za m'madzi, monga abakha ndi atsekwe akuthengo, zomwe zina zimauluka nato osadwala n'komwe, nzeru ndi kuyeza mbalamezo matendawa asanafike pakhola. Mfundo yanga ndi yakuti kuyezako kumapindula pokhapokha zotsatira zake zikafika msanga kwa mlimi, wosaka mbalame ndi wogulitsa nkhuku pamsika.

Ntchito yake si yamatsenga. Timatenga kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga, n'kupukuta kukhosi kwa mbalame ndi kotulukira zitosi. Pena timangotola zitosi zaziwisi pomwe mbalame zagona. Thonjelo limaikidwa m'kabotolo ka madzi apadera ndipo liyenera kukhala pozizira mpaka kufika ku labotale. Apa ndiye pamene pamagona vuto m'maiko otentha ngati athu, chifukwa kabotolo kakatenthedwa panjira, makina akhoza kunena kuti mulibe kanthu pomwe kachilombo kanalimo. Ku labotale timagwiritsa ntchito njira ya PCR, yomwe ambiri anaimva nthawi ya Covid-19, ndipo timafunsa mafunso atatu motsatizana. Kodi muli kachilombo ka chimfine? Ngati kalimo, n'ka mtundu uti? Mitunduyi timaitchula ndi zilembo H ndi N: mwa mbalame muli mitundu 16 ya H ndi 9 ya N, koma yomwe imatisowetsa tulo ndi H5 ndi H7. Funso lachitatu, lofuna kuwerenga chibadwa cha kachilomboko, ndi lakuti kodi n'kaukali kapena kofatsa. Limeneli limatenga nthawi, ndipo kawirikawiri mabotolo amatumizidwa ku malabotale akuluakulu monga a ku Onderstepoort ku South Africa, Padova ku Italy kapena Weybridge ku Britain.

Mbiri ya matendawa ikusonyeza kuti mbalame zakuthengo zimatichenjeza. Mu 2005 mbalame zoposa 6,000 zinafa pa nyanja ya Qinghai ku China, ndipo pofika February 2006 H5N1 inapezeka m'makola a ku Nigeria, koyamba mu Africa. Mu January 2017 mbalame zinafa zambirimbiri m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Uganda, ndipo kuyeza kunapeza H5N8. Pakati pa chaka chomwecho mtundu womwewo unali m'mafamu a nkhuku ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Mu 2021 avuwo mazanamazana anafa ku Djoudj ku Senegal. Ife sitili patali ndi njira zomwe mbalame zoterezi zimadutsa. Nyanja ya Chilwa, yomwe inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar, imalandira mbalame zochokera ku Ulaya ndi ku Asia chaka ndi chaka, ndipo anthu a kumeneko amazitchera, kuzisosola ndi manja, n'kukazigulitsa. Munthu wososolayo ndiye woyamba kukhudza kachilombo, choncho sayenera kukhala womaliza kumva.

Otsutsa amati kulengeza kumabweretsa mantha, anthu amasiya kugula nkhuku ndi mazira, alimi n'kuluza. Nkhawa imeneyi ndimaimvetsa, pakuti m'maiko angapo misika ya nkhuku inagwadi mu 2006. Koma mbalame zakufa sizibisika. Asodzi amaziona, zithunzi zimayenda pa WhatsApp, ndipo boma likakhala chete mphekesera ndi zomwe zimalankhula. Mlimi amene wangomva zamphekesera amathamangira kugulitsa nkhuku zake zisanafe, motero amafalitsa matenda ndi njinga yake yomwe. Amene wauzidwa zoona, kuti kachilombo kapezeka kudambo lakutilakuti, amadziwa chochita: kutsekera nkhuku m'khola, kusamwetsa madzi a padambo, kusiyanitsa abakha ndi nkhuku, kusatola mbalame yofa yokha. Amadziwanso kuti nyama ndi mazira zophikidwa bwino sizipatsira matendawa.

Ena amaopa kuti maiko oyandikana nafe atitsekera malonda. Malamulo a bungwe loona za umoyo wa nyama padziko lonse la WOAH amafuna kuti dziko linene pasanathe maola 24 likatsimikiza kuti lapeza chimfine chaukali, koma malamulo omwewo amati kupezeka kwake mwa mbalame zakuthengo si chifukwa choletsera malonda a nkhuku. Ngati nkhaniyo ikutumizidwa kale ku likulu la bungweli ku Paris, komwe aliyense wa intaneti angaiwerenge, palibe chifukwa chomveka choibisira munthu wa ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Zoti anthu akamva ayamba kupha mbalame kapena kutentha mabango zimayankhidwa m'chilengezo momwemo: kutero kumangobalalitsa mbalame zodwala kupita kumadambo ena.

Pali chinthu china chomwe anzanga pantchito amachinyalanyaza: zotsatira zoti sitinapeze kanthu nazonso ziyenera kulengezedwa, pamodzi ndi chiwerengero chake. Kunena kuti dziko lilibe chimfine cha mbalame mutayeza mbalame khumi zokha n'kudzinamiza, pakuti mwa mbalame zooneka zathanzi kachilomboka kamapezeka mwa zochepa kwambiri. Anthu ayenera kudziwa kuti tinayeza zingati, zamtundu wanji, zamoyo kapena zakufa, kuti, ndiponso liti. Ku Britain bungwe loona za umoyo wa nyama ndi zomera la APHA limatulutsa ndandanda wotere sabata ndi sabata, ndipo ku America unduna wa zamalimidwe umatchula dera lomwe mbalame iliyonse inapezeka. Kuno kwathu ndandanda wa pa intaneti wokha sungakwanire. Uyenera kumveka pa wayilesi za m'madera m'Chichewa, Chiyao ndi Chilomwe, ndipo alangizi a ziweto azibwerera ndi yankho kwa munthu amene anawaitana ataona mbalame zakufa. Munthuyo akapanda kumva chomwe chinapezeka, tsiku lina sadzaitananso, ndipo pafupifupi kuyeza konse kwa mbalame zakufa kumadalira anthu oterewa.