Nyumba yoyenda pa matayala ikafika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

M'miyezi ya chilimwe, ife okonza magalimoto pa Mponela timaona zigalimoto za alendo zikudutsa pa M1. Zina zimachokera ku South Africa, zina ku Germany. M'kati mwake muli bedi, pophikira, firiji ndi kachimbudzi, ndipo eni ake amazitcha motorhome. Ana amangoti "nyumba ikuyenda." Zina zimakhotera ku Ntchisi kukaona nkhalango ya paphiri, zina zimatsikira ku nyanja kudzera ku Salima. Anthu amasirira makatani ndi njinga zomangirira kumbuyo. Ine maso anga amathamangira ku matayala akumbuyo, kuona mmene aphwatalalira.

Galimoto iliyonse ili ndi kachitsulo kapena kapepala, kawirikawiri pafupi ndi chitseko cha dalaivala, kolembedwa kulemera komwe siyenera kupitirira itanyamula zonse: anthu, mafuta ndi katundu. Nambala imeneyo ndiyo imauza wapolisi mtundu wa laisensi yomwe muyenera kumuonetsa. M'Malawi timatsata magulu a m'chigawo cha SADC. Laisensi ya B imathera pa makilogalamu 3,500. Kupitirira pamenepo mpaka 16,000 pamafunika C1, ndipo kuposa apo ndi C. Mukakoka ngolo yolemera, gulu limasinthanso. Ku Ulaya malire a B ndi omwewo, 3,500, n'chifukwa chake opanga motorhome amayesetsa kuti ziime pa nambala imeneyo.

Vuto limayambira pomwepo. Galimoto yotere imatuluka m'fakitale italemera kale ndi makabati ndi mabedi, malo a katundu atatsala ochepa. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 100 ikufanana ndi matumba awiri a chimanga. Onjezani masilinda a gasi, matayala apadera, zigubu za dizilo ndi anthu anayi. Mwini wake amakhulupirira kuti akuyendetsa galimoto yaing'ono, chonsecho sikelo ikanamuuza kuti wakwera lole.

Maiko ena amamangiriza liwiro ku kulemera. Ku Britain, motorhome yoposa matani 3.05 isanapakire kanthu siloledwa kupitirira mamailo 50 pa ola pa msewu wamba, pomwe galimoto yaing'ono imafika 60. Ku South Africa, lole yoposa matani 9 imalekezera pa makilomita 80 pa ola. Sikuti aboma amadana ndi magalimoto akuluakulu. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi, ndipo kulemera kukachuluka mabulekiwo amatentha msanga.

Amene akufuna kumvetsa zimenezi atsike msewu wa M14 kuchoka pa Chezi kudutsa pa Mvera. Mtsetse wake ndi wautali, makona ali motsatizana, m'mbali muli azimayi ogulitsa tomato ndi anyamata a kabaza. Dalaivala wosazolowera amaponda buleki osachotsa phazi. Poyamba mumamva fungo lonyeka. Kenako chopondera chija chimafewa, chifukwa mafuta a buleki awira, ndipo phazi limafika pansi galimoto ikungothamangabe. Madalaivala akale amati tsika ndi giya yomwe unakwerera. Injini ndiyo igwire galimoto, buleki ingothandizira. Chikwangwani cha liwiro pamalo otere chimakuuzani malire a lamulo basi, sichidziwa zomwe mwasenza.

Koma tisaloze alendo okha chala. Nyengo ya fodya ikafika, kalole ka matani atatu kamachoka ku Madisi kapena ku Malomo kupita ku Kanengo mabelo atasanjikizana kuposa denga, pamwamba pake patakhala eni fodya. Masipuling'i amakhala atawongoka ngati thabwa. Ukafunsa, yankho ndi lakuti mafuta adula, ulendo umodzi uyenera kubweza ndalama. Ndimawamvetsa, koma sindivomereza. Mlendo uja nthawi zambiri amalemetsa galimoto mosadziwa, pomwe ife timachita tikudziwa.

Msewu nawo umalipira. Pakati pa 1958 ndi 1960, akatswiri ku Illinois m'dziko la America anayendetsa malole pa misewu yoyeserera, ndipo anapeza kuti kulemera kwa pa ekiselo imodzi kukawirikiza kawiri, phula limawonongeka pafupifupi ka 16. Masikelo a pa Mwanza, Mchinji, Balaka ndi Songwe anaikidwa pa chifukwa chimenechi. Koma lole yochoka ku Ntchisi kupita ku Lilongwe sidutsa pa malo amenewa.

Kwa mlendo wofuna kukwera ku nkhalango ya Ntchisi, malangizo anga ndi ochepa. Gawo lomaliza la msewuwo ndi lafumbi, lokwera, ndipo mvula ikagwa dothi lake lofiira limaterera. Motorhome ndi yaitali msinkhu, katundu wa padenga amaipendeketsa pa kona. Zolemera zonse ziikidwe pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, thanki ya madzi ikhale theka, ndipo ngati kwagwa mvula usiku, adikire dzuwa liumitse msewu asananyamuke.