Khansa Yatha, Kuiwala Kwatsala: Tiyese Ndi Muyeso Wanji?

Mayi wodwala khansa ya m'mawere akatsiriza mankhwala ake ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, abale amayamika Mulungu nati nkhondo yatha. Komatu alipo ena amene amabwerera kwawo ndi vuto losaoneka ndi maso. Taganizirani mayi wa ku Mtandire amene kale ankawerengera ndalama za tomato pamtima. Lero akubweza chenje kawiri kwa munthu mmodzi, ndiwo zikupserera pamoto iye ali pomwepo, ndipo dzina la mnansi wake wakalekale likumuthawa pakamwa. Anthu sachedwa kunong'onezana kuti amulodza.

Madokotala amalidziwa vutoli. Limaoneka mwa ena amene analandira mankhwala amphamvu a m'diripi, monga doxorubicin, ofiira aja, ndi cyclophosphamide. Kwa ambiri limachepa miyezi ikamapita, koma kwa ena limakhala zaka. Si mankhwala okha ayi. Kuchepa kwa magazi, kusowa tulo, nkhawa ndi kusiya kusamba mwadzidzidzi nazonso zimasokoneza mutu, ndipo zina mwa izi zili ndi chithandizo.

Tsono kuiwala kumeneku tikuyese bwanji? Muyeso wotchuka ndi wa MoCA, umene Dr. Ziad Nasreddine wa ku Montreal, m'dziko la Canada, ndi anzake anaufalitsa mu 2005. Umatenga mphindi ngati khumi. Malikisi onse ndi 30, ndipo wopeza 26 kapena kuposa amati ali bwino. Munthu amauzidwa kujambula wotchi ya mivi, kulumikiza manambala ndi zilembo, kuchotsera 7 pa 100 kangapo, kusunga mawu asanu m'mutu, ndi kutchula nyama zitatu za pachithunzi: mkango, chipembere ndi ngamira.

Aphunzitsi amene akuwerenga aona kale pamene pagona vuto. Amenewa ndi mayeso a m'kalasi. Mayi wathu uja analekeza Sitandade 4, nthawi amaonera pa foni, ndipo ngamira anangoimva m'tchalitchi. Akalephera, walephera chifukwa cha matenda kapena chifukwa chosapita patali ndi sukulu? Eni muyesowo amawonjezera malikisi amodzi kwa amene anaphunzira zaka 12 kapena kucheperapo. Kwathu kuno zaka 12 ndiye Folomu 4, kotero wa Sitandade 4 ndi wa Folomu 4 alandira chifundo chofanana!

Wophunzira nayenso muyesowu ungamulakwire. Kalaliki wa ku Area 47, kufupi ndi Mtandire komweko, akhoza kupeza 28, chikhalirecho iye mwini akudziwa kuti kalata imene ankailemba pa ola limodzi tsopano ikumutengera tsiku. Paja muyesowu unakonzedwa pofuna kupeza kuiwala kwa okalamba, osati kwa odwala khansa.

Ife tikuona kuti nkoyenera kumuyesa mayi m'Chichewa asanayambe mankhwala, ndi kumuyesanso akatsiriza, kuti afanizidwe ndi mmene iye yemwe analili. Afunsidwenso za ntchito zake za tsiku ndi tsiku, ndipo amene amakhala naye pakhomo anenepo zimene aona.

Kwa akulu a sukulu ndi a maofesi a Boma tikuti: mphunzitsi kapena kalaliki wotere akabwerera kuntchito nayamba kuiwala kaundula kapena msonkhano, musafulumire kumulembera kalata yachenjezo. Yambani mwamufunsa, mumupatse ntchito imodziimodzi yolembedwa papepala, ndipo mumulimbikitse kukanena zimenezi kwa dokotala wake.