Makhadi akale asathere m'kamwa mwa chiswe

Amene analemba mayeso a Fomu 4 foni za m'manja zisanafale sangaiwale nyengo ya ma success card. Mayeso a MSCE akayandikira, thumba la makalata lochokera ku positi ofesi linkafika pasukulu lili tho. Mayina ankaitanidwa pagulu, ndipo wotchulidwa kangapo ankabwerera ku hositelo akuyenda mothimbwidzika. Makhadi ena ankaimba kanyimbo ukangowatsegula. Wosalandira ngakhale limodzi ankachita ngati sizikumukhudza, chonsecho mumtima zikumudya.

Makhadi amenewo alipobe m'nyumba zambiri. Ali pansi pa sutikesi limodzi ndi a ukwati, a ubatizo, a Khrisimasi ochokera kwa malume a ku Joni, ndi aja opepesa maliro amene palibe amalimba mtima kuwawerenganso. Ena anapanikizidwa m'Baibulo, ena ali m'jumbo pamwamba pa kabati. Kuwataya munthu sangathe, koma kuwasamala nakonso sakuwasamala. Chiswe chikuboola, mphemvu zikunyambita, ndipo dzinja lililonse chinyezi chimasiyapo nkhungu.

Mwambo wa makhadiwu unachokera kutali. Khadi loyamba la Khrisimasi logulitsa linasindikizidwa ku London mu 1843. Henry Cole ndiye anapempha wojambula John Callcott Horsley kuti alikonze, ndipo anasindikiza 1,000, lililonse pamtengo wa sheleni imodzi. Ochepa amene anatsala lero ali m'nyumba zosungiramo zakale ndi m'manja mwa anthu ogula zinthu zosowa pamtengo wokwera. Athuwa palibe angawagule. Chithunzi cha maluwa ndi ndakatulo yosindikizidwa m'katimo n'zofanana ndi za makhadi ena zikwizikwi. Chimene sichipezeka kwina kulikonse ndi mizere iwiri itatu imene wotumiza analemba yekha ndi bolopeni, mwina atatsamira pa bondo, zilembo zikupendekera kumanja. Uthenga wa pa WhatsApp umapita ndi foni ikabedwa. Dzanja la gogo likatayika silipezekanso.

N'chifukwa chake kusoka makhadiwa kukhala buku ndi ntchito yoyenera kuipezera Loweruka masana. Sizifuna makina. Singano yaikulu, ulusi wolimba wonga wosokera nsapato, kamsomali koboolera, katoni, pensulo, guluu woyera ndi kachidutswa ka chitenje, basi.

Chofunika kwambiri n'chakuti khadi lizitsegukabe. Anthu ambiri amathamangira kulimata pa pepala ndi guluu, n'kuphimba mawu amene analembedwa kumbuyo, pamene ena amadula chithunzi chokha n'kutaya mbali yolembedwayo. Kumeneko n'kudya makoko n'kutaya nthochi. Njira yabwino ndi kusoka pamsana. Tsegulani khadi, muboole timabowo titatu pamzera wopindira: pakati, chakumtunda ndi chakumunsi. Lowetsani ulusi pabowo lapakati kuchokera m'kati, mudutse lakumtunda, mutsikire lakumunsi, kenako mubwerere pakati n'kumanga mfundo. Ulusiwo uzidutsanso pansalu yolimba imene ikhale msana wa buku, khadi lililonse pamzera wakewake moyandikana ndi linzake. Musakoke kwambiri, pepala lakale silichedwa kung'ambika. Makhadi akasiyana kukula, afananitseni kumunsi kuti buku liziima bwino pa shelefu.

Chikuto ndi makatoni awiri okulirapo pang'ono kuposa khadi lalikulu, okutidwa ndi chitenje. Apa pokha ndi pamene guluu woyera uja ali ndi ntchito. Phala la ufa wa chinangwa kapena nsima, zimene tinkamatira mapepala tili ku pulayimale, zisayandikire, chifukwa ndi chakudya cha mphemvu ndi makoswe. Selotepi nayenso ayi: pakapita zaka amasanduka wachikasu, amakanuka, n'kusiya banga losachoka. Mapini achitsulo amachita dzimbiri. Makhadi oimba aja ali ndi kabatire m'kati, ndipo kakatha kamatulutsa madzi owononga pepala, kachotseni musanasoke. Ngati chitenjecho chili cha pa ukwati womwewo, kapena chimene malemu ankakonda kuvala, ndiye kuti buku layamba kulankhula lisanatsegulidwe.

Maenvulopu musataye. Chidindo cha ku positi ofesi chimanena tsiku ndi malo amene khadi linachokera, zinthu zimene wolemba kawirikawiri ankaiwala, ndipo masitampa a mbalame aja ana a lero ambiri sanawaonepo. Envulopu ikhoza kusokedwa m'mphepete kutsogolo kwa khadi lake.

Ntchito yovuta si ya singano. Khadi lasainidwa kuti “mlongo wako wokonda”, lina “ine wa ku Kanjedza”, lina chilembo chimodzi chokha. Mwini wake amadziwa kuti ndi ndani, mdzukulu sadzadziwa. Choncho pakati pa makhadi pazikhala kapepala kolembapo ndi pensulo dzina la wotumiza, ubale wake ndi chaka, ngakhale chongoyerekeza. Pensulo siifalikira ikanyowa ngati inki. Apa ndi pamene mayi kapena azakhali amafunika akhale pamkeka pomwepo, ndipo konzekani, chifukwa khadi limodzi likhoza kudya ola lathunthu. Pamatuluka nkhani za amene anapita ku Wenela osabwerako, za ukwati umene unatha, za mnzawo wa kusukulu amene anasowa. Pamatulukanso makhadi a chibwenzi chakale. Amenewo mwini wake ndiye anene ngati alowe m'buku kapena abwerere m'sutikesi, mwana asaweruze.

Buku likatha likhale pamalo ouma, kutali ndi khoma lakunja komanso dzuwa, limene limafufutitsa inki. Tsiku la Anakubala ndi 15 Okutobala. Chaka chino, popita ndi chitenje kwa mayi, tenganinso singano ndi ulusi, muwapemphe atulutse makhadi awo mvula isanayambe.